Geji ya Mafuta Ikayamba Kunama: Momwe Mungapezere Vuto pa Galimoto Yakale

Galimoto yazima pamsewu chonsecho geji ikuonetsa kota. Wina wamwetsa mpaka pampu yadula yokha, koma singano yaima pang'ono kupitirira theka, osafika pa F, chizindikiro cha thanki yodzaza. Izi n'zofala pa galimoto zomwe zadutsa zaka 20, monga ma Corolla, ma Hilux ndi maminibasi a Hiace omwe akadali pamsewu. Mafuta akamasowa kapena akakwera mtengo, geji yonama imayambitsa mikangano: mwini galimoto amakayikira dalaivala, dalaivala amakayikira omwetsa mafuta, pomwe wolakwa ndi kawaya kochita dzimbiri pansi pa mpando.

Ambiri amathamangira kugula fuloti ina kapena kutsitsa thanki. Nthawi zina zimathandiza, koma kumeneko n'kungolota. Vuto limeneli limayezeka, ndipo mutha kudziwa mbali yomwe yalakwa musanamasule bawuti ngakhale imodzi ya thanki.

Geji siyeza malita

M'thanki muli chipangizo chomwe mabuku a galimoto amachitcha sender. Chili ndi fuloti yoyandama pamwamba pa mafuta, yomangidwa ku kamkono ka waya wolimba, ngati mpira uja wa m'thanki ya chimbudzi chamadzi womwe umakwera madzi akamadzaza. Kumapeto kwina kwa kamkonoko kuli kalilime kachitsulo komwe kamatsetsereka pa kanjira ka magetsi. Fuloti ikakwera kapena kutsika, kalilimeko kamasuntha, ndipo magetsi amadutsa njira yaifupi kapena yaitali. Njira ikatalika, magetsi amapingika kwambiri. Kupingika kumeneku ndiye resistance, ndipo kumawerengedwa mu ma ohm.

Geji ya pa dashibodi sidziwa chilichonse za petulo kapena dizilo. Imangowerenga ma ohm omwe ali pakati pa waya wake ndi earth, kutanthauza thupi lachitsulo la galimoto komwe magetsi amabwererako kupita ku batire. Choncho chilichonse chowonjezera kapena kuchotsa ma ohm panjirayi, kaya ndi dzimbiri, soketi yokhwefuka kapena waya wosupuka, geji imachitenga ngati kusintha kwa mafuta.

Ma ohm amenewa amasiyana malinga ndi kampani, ndipo izi muyenera kuzidziwa musanayeze chilichonse. Pa Toyota zambiri za m'ma 1980 ndi m'ma 1990, sender imapereka pafupifupi ma ohm 3 thanki ikadzaza, pafupifupi 32 ikakhala theka, ndi pafupifupi 110 ikatha. Ford zakale za ku America, zisanafike za 1987, zinkapereka pafupifupi 10 podzaza ndi 73 pothera. Galimoto za General Motors kuyambira 1965 mpaka m'ma 1990 zimachita mosemphana: 0 pothera, 90 podzaza. Ma geji ambiri a kampani ya VDO nawonso amakwera chodzaza, 10 pothera ndi 180 podzaza. Kusiyanaku kukutanthauza kuti waya ukaduka pa Toyota, singano imagwera pa E, chizindikiro choti mafuta atha, koma pa galimoto ya mtundu wa General Motors imathamangira kupitirira F. Mu nkhaniyi tigwiritsa ntchito Toyota ngati chitsanzo. Ngati yanu imakwera chodzaza, tembenuzani zizindikirozo.

Ma geji enieniwo alipo a mitundu iwiri. Akale kwambiri, omwe tiziwatcha ma geji otentha, ali ndi kachitsulo kopyapyala kokulungidwa ndi waya wotenthetsa. Magetsi akachuluka kamatentha n'kupindika, n'kukankha singano. Mumawazindikira chifukwa singano imakwera mwapang'onopang'ono mukatembenuza kiyi, ndipo imagwera pansi mukazimitsa. Amafunika regulator, kachipangizo kowapatsa mphamvu ya magetsi yosasinthasintha, poti batire limasewera pakati pa ma volt 12 ndi 14 kapena kuposerapo injini ikamalira. Mtundu wachiwiri umagwiritsa ntchito makoyilo ndi maginito. Pa Toyota zambiri za m'ma 1990 singano ya mtunduwu imakhala pomwe inali ngakhale mutachotsa kiyi, ndipo mkati mwake muli mafuta a silicone oichedwetsa kuti isamagwedezeke ndi mabampu. Kuchedwa kumeneko si vuto, koma kumafuna kudekha poyeza.

Tsimikizani kaye kuti ikunamadi

Geji yabwinobwino sitsika mofanana. Imakhalitsa pa F chifukwa fuloti imagunda pamwamba thanki isanadzaze kwenikweni, ndipo mafuta ena amakhala mu paipi yothirira. Ikafika pa E mumatsala malita angapo, mwadala. Ikasuntha pang'ono pokwera chitunda, n'chimodzimodzi, palibe cholakwika.

Muyeso wosavuta ndi wa pa pampu. Onani pomwe singano ili galimoto itaima pamalo athyathyathya, mwetsani mpaka pampu idule, kenako chotsani malita omwe alowa pa kukula kwa thanki. Corolla AE100 ndi AE110 zili ndi thanki ya malita 50. Ngati singano inali pa theka koma mwalowa malita 38, ndiye kuti munali 12 okha, pafupifupi kota ya thanki, ndipo geji ikuwonjezera. Ngati mwalowa 22 kapena 27, isiyeni, ili bwino.

Onaninso kababu kochenjeza kuti mafuta atsala pang'ono. Pa galimoto zambiri zakale za ku Japan kababuka sikadalira fuloti. Kali ndi kachipangizo kakekake m'thanki komwe kamazizira kakamira m'mafuta, n'kutentha kakakhala pamtunda, ndipo kakatentha babu limayaka. Ndiye ngati babu layaka geji ikuti theka, khulupirirani babu.

Zomwe singano ikukuuzani

Singano yongokhala pa E nthawi zonse, pa Toyota, imaloza ku njira yoduka: fyuzi yapsa, waya waduka, soketi yazuka, kanjira ka mu sender kaduka, kapena fuloti yamira. Yongokhala pa F imaloza ku waya wosupuka womwe ukugunda thupi la galimoto, kapena fuloti yomwe yakodwa m'mwamba. Yolumphalumpha, kapena yomwe imagwera pa E mwadzidzidzi mafuta akafika pamlingo wina n'kudzukanso akatsika kapena mukawonjezera, imaloza ku kanjira kodyeka pamalo amodzi. Malo odyekawo amakhala pomwe fuloti imathera nthawi yambiri. Galimoto yomwe imangothiridwa mafuta a malita asanu kapena khumi nthawi iliyonse kwa zaka zambiri imadya kanjirako cha kumunsi, pafupi ndi kota.

Ngati geji ya mafuta ndi ya kutentha kwa injini zasokonekera limodzi, zonse zikukwera kapena zonse zagwa, musapite ku thanki. Ziwirizi zimagawana fyuzi, earth ya dashibodi, komanso regulator pa mtundu wotentha uja. Singano ikamasuntha mukayatsa magetsi akutsogolo, pafupifupi nthawi zonse ndi earth ya dashibodi yomwe yafooka.

Yambani ndi fyuzi yolembedwa GAUGE kapena METER. Iyezeni ndi multimeter, mita yoyezera magetsi. Fyuzi imatha kuoneka yabwino ndi maso koma itaduka m'mbali.

Gawani njira pawiri pa soketi ya thanki

Uwu ndiye muyeso wofunika kuposa yonse. Pa Corolla ndi galimoto zina zazing'ono, nyamulani mpando wakumbuyo ndipo mupeza kachivundikiro pansi pake. Mukakachotsa muona pamwamba pa thanki ndi soketi yake. Pa Hilux ndi mapikapu ena soketi ili pamwamba pa thanki kunsi kwa bodi, ndipo nthawi zambiri dzanja limafikako osatsitsa chilichonse.

Ngati pampu ya mafuta ili m'thanki momwemo, soketi imakhala ndi mawaya angapo. Onenepa ndi a pampu, owonda ndi a geji ndi kababu kochenjeza. Pa Toyota, waya woyera wa mzere wakuda ndi earth. Kuti mutsimikize waya wa geji, zulani soketi, tembenuzani kiyi pa ON osaliza injini, ikani multimeter pa ma volt a DC n'kuyeza mbali yochokera kutsogolo. Waya wa geji uonetsa magetsi. Pa geji yotentha nambala imaphethiraphethira chifukwa regulator imayatsa n'kuzimitsa. Waya wa kababu kochenjeza nawonso umatha kuonetsa magetsi, choncho chithunzi cha mawaya cha galimoto yanuyo chimathandiza. Musalowetse magetsi a batire mu sender, ngakhale kwa kanthawi.

Soketi ili yozula, kiyi pa ON, singano iyenera kutsikira pa E kapena pansi pake. Ikakakamira pa F, sender ilibe mlandu: waya wagunda thupi kwinakwake pakati pa thanki ndi dashibodi, kapena geji yeniyeniyo yafa. Ikatsika, lumikizani waya wa geji ndi earth kudzera mu babu laling'ono la 12V, 3.4W, longa aja a m'dashibodi. Ndi momwe mabuku a Toyota amanenera. Babu liyenera kuyaka ndipo singano iyambe kukwera cha ku F. Amakaniko ena amangogunditsa waya pa thupi mwachindunji. Zimasonyeza chimodzimodzi, koma pa geji yotentha, kuusiya choncho kwa nthawi kumawotcha waya wa mkati. Babu limateteza geji.

Muyeso umenewu ukuuzani ngati geji ili ndi moyo, koma osati ngati ikuwerenga molondola. Pa zimenezo gulani ma resistor atatu, tizipangizo topinga magetsi ndi ma ohm odziwika, kwa okonza mawailesi: ya ma ohm 3.3, ya 33, ndi ya 110, kapena 100 ndi 10 zolumikizidwa mondondozana. Sankhani za 2W kuti zisatenthe. Ikani imodzi imodzi m'malo mwa sender, pakati pa waya wa geji ndi earth, n'kudikira mphindi ziwiri kapena zitatu kuti singano ikhazikike. Ikafika pa F, pa theka ndi pa E motsatana, ndiye kuti geji, fyuzi ndi waya wonse wakutsogolo zili bwino, ndipo vuto lili m'thanki kapena pa earth yake. Ikaphonya, bwerezani muyeso womwewo kuseri kwa dashibodi. Ikakhoza kumeneko koma n'kuphonya kuthanki, wolakwa ndi waya wa pakati, ndipo malo oyamba kukayikira ndi pomwe waya umadutsa pansi pa kapeti, pambali pa khomo ndi pa masoketi apanjira omwe amalowa madzi.

Earth: vuto lotchipa lomwe limaiwalika

Taonaninso manambala a Toyota aja. Kuchoka pa F kufika pa theka ndi ma ohm pafupifupi 30 okha, koma kuchoka pa theka kufika pa E ndi pafupifupi 78. Tiyerekeze kuti dzimbiri lawonjezera ma ohm 12 pa earth. Thanki yodzaza, m'malo mwa 3 geji iwerenga 15, ndipo singano igwa kwambiri, cha ku makota atatu. Thanki ikatsala pang'ono kutha, ma ohm 12 omwewo pamwamba pa 100 sasintha zambiri. N'chifukwa chake geji yomwe sifika pa F koma kumunsi imaoneka yolondola, kawirikawiri imakhala ndi earth yoipa kapena soketi yakuda, osati fuloti yowonongeka. Pa galimoto zomwe ma ohm amakwera chodzaza, dzimbiri lomwelo limachititsa geji kuonetsa mafuta ochuluka kuposa omwe alimo, ndipo kumeneko ndiye kumakuzimitsirani galimoto panjira.

Poyeza, ikani multimeter pa 200 ohm, gunditsani nsonga zake ziwiri kaye kuti muone zomwe mawaya a mitayo akuwerenga, nthawi zambiri 0.2 mpaka 0.5, ndipo muzichotsera nambalayi. Kiyi atazimitsidwa, yezani pakati pa earth ya pa soketi ndi chitsulo choyera cha thupi la galimoto. Zisapitirire ohm imodzi. Pa galimoto zakale kwambiri zomwe sender ili ndi waya mmodzi yekha, earth imadutsa mu thanki yeniyeniyo ndi mabawuti oimangira, omwe amachita dzimbiri ndi matope. Njira yachangu ndi kutenga waya wautali, kuugwiritsa pa chivundikiro cha sender ndi pa chitsulo chopalidwa bwino, n'kuona ngati singano isuntha. Ikasuntha, mwapeza vuto, ndipo mankhwala ake ndi kupala, kumanga ndi kuika waya wa earth wokhazikika.

Muli pomwepo, yezani sender ili m'thanki: mita pakati pa nsonga yake ya geji ndi ya earth. Ngati mwangodzaza kumene, muyembekezere ma ohm ochepa kwambiri. Gwedezani galimoto, nambala iyenera kusewera mosalala. Ikaonetsa OL kapena 1 yekha kumanzere, njira yaduka mkati.

Kutulutsa sender mosamala

Gawo ili ndi loopsa, ndipo choopsa kwambiri si petulo wamadzi koma nthunzi yake. Thanki yotsala pang'ono kutha imadzaza nthunzi yomwe imayaka ndi kamoto kakang'ono. Gwirirani ntchito panja podutsa mphepo, kutali ndi mbaula, fodya, owotcherera ndi chopukusira zitsulo. Mafuta akhale pansi pa theka kuti asasefukire. Pa galimoto ya injection, zulani soketi ya pampu kapena fyuzi yake, lizani injini mpaka izime yokha kuti mphamvu ya m'mapaipi ithe, tsegulani chotsekera thanki, kenako chotsani waya wa negative pa batire. Khalani ndi chozimira moto cha ufa pafupi. Pukutani fumbi lonse musanatsegule, poti dothi lolowa m'thanki limakathera mu sefa ya pampu.

Ma sender ena amamangidwa ndi ma screw ang'onoang'ono, ena ndi mphete yozungulira. Mphete yachitsulo igogodeni ndi kamtengo kolimba kapena chitsulo cha brass, osati tchizulo, chifukwa chitsulo pa chitsulo chimathetheka moto. Ikani chizindikiro cha momwe sender inakhalira, ndipo poitulutsa ipendekeni kuti kamkono kasapindike. Thanki musaiwotcherere kapena kuiyandikitsa ku lawi, ngakhale yatsukidwa.

Ikatuluka, lumikizani mita n'kusuntha kamkono pang'onopang'ono kuchoka pansi kufika pamwamba. Ma ohm ayenera kusintha mosadukiza kuchoka cha ku 110 kufika cha ku 3. Pamalo pomwe nambala ikudumpha kapena kusowa, pamenepo ndi podyeka. Mita yakale ya singano imaonetsa bwino kudumphaku kuposa ya manambala. Ngati kanjira kangoda ndi utoto wa mafuta akale kapena sulfure, katsukeni ndi contact cleaner, mankhwala otsukira zamagetsi, kapena kufufuta mopepuka ndi labala ya pensulo. Sandipepa ayi, imachotsa kanjira konseko. Kalilime kakafooka, kapindeni pang'ono kwambiri kuti kagwire. Koma kanjira koduka kapena kodyeka mpaka pansi sikakonzeka mokhalitsa. Pamenepo gulani sender ina.

Fuloti igwedezeni pafupi ndi khutu. Ya brass kapena ya pulasitiki yamphako ikaboola imalowa mafuta ndipo mumamva kukhuchumuka. Kuti mupeze kabowo, imizeni m'madzi otentha omwe mwaphitsira kutali ndi galimoto, ndipo timathovu tituluka. Fuloti yolemera imamira pang'ono kapena kotheratu, geji n'kumaonetsa mafuta ochepa. Onaninso pomwe kamkono kamazungulirira. Madzi akalowa m'thanki, monga zimachitikira ndi mafuta osungidwa m'zigubu ndi m'migolo, pamenepa pamachita dzimbiri n'kumakakamira. Petulo wa ku Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi, choncho galimoto yoimikidwa miyezi yambiri ndi thanki yosadzaza imachita dzimbiri mkati mosavuta.

Sender ikapezeka yabwino, unikani m'thanki ndi tochi ya LED. Thanki yophwanyika pansi ndi mwala kapena chitsa imakweza pomwe fuloti imatera, ndiye geji imaonetsa kota mafuta atatha. Thanki yomwe kapaipi kake kopumira katsekeka imatha kufinyika yokha pampu ikamakoka. Chizindikiro chake ndi mpweya wolowa mwamphamvu mukatsegula chotsekera. Mkati mulinso zitsulo zotchinga mafuta kuti asamakhuthukire mbali imodzi, ndipo chimodzi chikamasuka chimakola fuloti. Pobwezera, ikani gasket yatsopano, labala yotsekera pabowo la sender. Yakale imadontha ndi kununkhitsa petulo m'galimoto.

Ngati vuto lili ku dashibodi

Ma geji ambiri akale amalandira magetsi kudzera mu ma screw omwewo owamangira ku bolodi lopyapyala la kuseri kwa dashibodi. Ma screw amenewa akakhwefuka kapena kuda, amawonjezera ma ohm ngati momwe earth yoipa imachitira. Kuwamasula, kupukuta ndi kuwamanganso kumachiza ma geji ambiri. Yang'anani timizere ta kopa tomwe tapsa kapena kung'ambika, ndi mtovu wosweka pa nsonga za soketi. Pa geji yotentha, regulator ikakakamira ma geji onse awiri amakwera kupitirira, ndipo ikasiyidwa choncho amapsa. Ngati wina anazulapo singano posintha mababu kapena nkhope ya dashibodi, mwina anaibwezera pamalo olakwika. Ikani resistor ya 33 ija, dikirani, n'kuibwezera pa theka.

Zipangizo zosagwirizana ndi kusintha komaliza

Geji yomwe inayamba kunama pambuyo pokonzetsa galimoto nthawi zambiri inapatsidwa chipangizo cha galimoto ina. Sender yogula kwa ophwasula galimoto itha kulowa bwino pabowo koma ili ya thanki yozama mosiyana, kapena ya ma ohm ena. Dashibodi yochokera mu mtundu wina imachitanso zomwezo, ndipo geji ya VDO ya 10 mpaka 180 ikalumikizidwa ku sender ya Toyota imawerenga chobwerera. Musanalipire, yezani ma ohm kumapeto konse kuwiri, ndipo muyerekeze kutalika ndi kupindika kwa kamkono ndi yakaleyo. Galimoto zina zoyendera matayala onse anayi, monga Subaru, zili ndi thanki yogawika pawiri ndi ma sender awiri. Imodzi ikafa, geji imalakwitsa.

Zonse zikakhala bwino koma singano ikuphonyabe pang'ono, kamkono kangathe kupindidwa. Kupindira fuloti m'munsi kumakweza singano, kupindira m'mwamba kumaitsitsa. Pindani pakati pa kamkono ndi mapulayala awiri, osakankha pomwe kamazungulirira. Ngati simungakhoze mbali zonse ziwiri, konzani kuti E ikhale yoona, chifukwa pampu ya m'thanki imazizira ndi mafuta omwewo ndipo kuiyendetsa pouma kumaifupikitsa moyo, pomwe injini ya dizilo ikayamwa mpweya imafunika kupopa kaye isanalirenso. Kuti mutsimikize, yambani ndi thanki yotsala pang'ono, muzithira malita 5 nthawi imodzi, kudikira singano ikhazikike ndi kulemba pomwe yaima.

Njira zonsezi ndi za galimoto zomwe waya wa sender umapita mwachindunji ku geji. Pa zatsopanoko, kuyambira cha m'ma 2000, wayawu umalowa kaye mu kakompyuta ka dashibodi komwe kamachedwetsa singano mwadala, nthawi zina kwa mphindi zambiri. Pa zimenezo musagunditse waya pa thupi. Gwiritsani ntchito ma resistor oyenera galimotoyo, ndipo muzizimitsa ndi kuyatsanso kiyi pakati pa muyeso uliwonse kuti kakompyutako kawerenge mwatsopano.